Safunsa Anatha Mazinga: Mmisiri wa Njinga Ayankha Makalata Anu

WOULUTSA: Anthu agulitsa soya, mtedza ndi fodya, ndipo m'midzi njinga zatsopano zikungoti mbee. Ena agula zomangamanga kale, ena abwera nazo m'katoni n'kuyamba kumanga okha pabwalo. Makalata amene aunjikana pano ndi a gulu lachiwirili. Muno tili ndi bambo amene akhala akukonza njinga pansi pa mtengo wa mango kuyambira ali mnyamata, lero imvi zili m'mutu. Abambo, mwaswera bwanji?

MMISIRI: Ndaswera, achemwali, kaya inu. Makalatawo ndawaona kuchuluka kwake, ndipo sindikudabwa. Nyengo ino chaka chilichonse ndimadya bwino, chifukwa anthu amandibweretsera njinga zimene zaonongeka zisanapondeko msewu.

WOULUTSA: Ndiye musatibisire nzeru poopa kuti makasitomala akutherani.

MMISIRI: Aa, iyayi! Njinga yomangidwa bwino imabwerabe kwa ine ikakalamba. Chimandiwawa n'kuona munthu atakhetsa thukuta chaka chathunthu, n'kupha chuma chake ndi sipanala tsiku limodzi. Tawerengani.

WOULUTSA: Yoyamba yachokera kwa bambo wina wa ku Mchinji. Akuti: "Ndinagulitsa soya n'kugula njinga ya m'katoni. Pedulo wakumanja analowa bwinobwino, koma wakumanzere ankakana. Ndinaganiza kuti ndi utoto, ndiye ndinalumikiza paipi ku sipanala n'kukanikiza mpaka analowa. Nditangoyenda kukafika kuchigayo, pedulo uja anagwa. Ndikamubwezera akungozungulira osagwira. Kodi anandigulitsa njinga yachabe?"

MMISIRI: Pepani, bambo a ku Mchinji, njinga yanu inalibe mlandu. Mapedulo awiriwa amaoneka ngati mapasa koma mazinga awo ndi osiyana. Mukayang'anitsitsa kumapeto kwa chitsulo chimene chimalowa m'bowo muona chilembo, wina R, wina L. Wa R ndi wakumanja, mbali ya tcheni, ndipo amamangika ngati bawuti wina aliyense. Wa L ndi wakumanzere, ndipo mazinga ake ndi obwerera. Mukamapotokola mmene munazolowera, ndiye kuti mukumumasula, ndipo mukakakamiza, mukudula mazinga atsopano pamwamba pa akale. Paipi yanu ija inachita zimenezo.

WOULUTSA: Nanga opanga njinga anachitiranji dala zotisokoneza chonchi?

MMISIRI: Anatichitira chifundo, achemwali. Tandibwerekani cholembera chanucho. Ndachigwira m'nkhonya mosafinya. Tsopano gwirani nsonga yake muziyendetsa mozungulira ngati mukutakasa phala. Mukuona? Cholembera chikudzipotokola chokha, ndipo chikulowera kosiyana ndi kumene dzanja lanu likupita. Phazi la wopalasa limachitanso chimodzimodzi pa pedulo. Akanaika mazinga wamba kumanzere, pedulo akanamasuka yekha pang'onopang'ono munthu ali pa ulendo. Ndi mazinga obwerera, kupalasa kumamuthandiza kukhala pamalo.

Njira yosaiwala nayi. Imikani sipanala ya 15 chogwirira chili m'mwamba, ndipo mukankhire kutsogolo, kumene kuli gudumu lakutsogolo. Mapedulo onse awiri amamangika motero. Koma sipanala ibwere pomaliza. Pakani girizi pang'ono, yambani ndi zala, ndipo pedulo alowe mazinga atatu kapena anayi popanda kulimbana naye. Akakana zala, china chake chalakwika, mtulutseni muyambirenso.

WOULUTSA: Tsono iwowa atani, poti madzi atayika kale?

MMISIRI: Akanakhala kuti anangoononga mazinga oyambirira, ndikanati alowetse pedulo yemweyo kuchokera kuseri kwa mkono wonyamula pedulo, mbali ya fulemu, kuti awongole mazingawo, kenako amubwezere kutsogolo. Koma poti akungozungulira, mazinga anatheratu. Agule mkono wakumanzere wokha, amagulitsa paokha, ndipo aonenso ngati mazinga a pedulo anapulumuka. Ndikudziwa kuti anzawo awauza kuti akawotcheretse kwa a weledingi. Musatero, bambo. Pedulo ndi chinthu chakutha, ndiye tsiku limene adzathe mudzataya pedulo ndi mkono womwe.

WOULUTSA: Kalata yachiwiri ndi ya mnyamata wa kabaza wa ku Salima. Akuti: "Njinga yanga ndinamanga ndekha. Ndikamapalasa ndimamva kuti gwede, gwede pakati, ndipo mwendo wina umakhala ngati ukutsalira. Anzanga pa siteji akumandinena kuti ndikupalasa ngati bakha. Nati ya kotapini ndamanga mpaka yaduka. Ndithandizeni, makasitomala akuthawa."

MMISIRI: Mphwanga, usadandaule, bakha woyamba ndinali ine. Njinga yoyamba imene ndinamanga inali ya malume anga. Iwo anali atapita kumaliro, ine n'kuti akabwere apeze zonse zili m'malo. Ndinakhoma makotapini onse awiri moyang'ana kumodzi. Malume atakwera anangoyenda kuchoka pa nkhokwe kufika pa khola, n'kutsika, n'kundiyang'ana osalankhula. Kenako anaimika njinga n'kundiuza kuti, "Taima kumbuyoko, uyang'ane mikono iwiriyo." M'malo mokhala mzere umodzi wowongoka, inali itapindika ngati bondo.

Kotapini ndi kamsomali konenepa kamene mbali imodzi kanasemedwa mopendekera, ngati mphero yong'ambira nkhuni. Mbali yosemedwayo imakumana ndi malo osalala pa ekiselo yapakati. Popeza ndi kopendekera, kamakhotetsa mkono pang'ono. Makotapini awiri akayang'ana kosiyana, kukhota kwa kwina kumabwezedwa ndi kwinako, mikono n'kuwongoka. Ndiye goneka mikonoyo mopingasa, wina kutsogolo wina kumbuyo. Ngati nati yakumanja ili pamwamba, yakumanzere ikhale pansi.

WOULUTSA: Nanga za nati yodukayo?

MMISIRI: Apo ndiye pamene ambiri amagwera. Nati ija ntchito yake ndi kungolondera kuti kotapini asatuluke. Amene amalowetsa kotapini ndi hamala. Ukamukoka ndi nati, timazinga take n'tating'ono, timatha kapena kamchira kamaduka, kotapini asanakhale n'komwe. Koma pokhoma, tsamiritsa mkonowo pa chinthu cholimba chofika pansi, monga kapaipi koimika, bowo lake lili pansi pa kotapini. Ukakhoma njinga ili lende, nkhonya yonse ya hamala imathera pa timipira ta m'kati ndipo timaboola tizenje m'mbale zake. Khoma, manga nati pang'ono, khomanso, manganso. Ukayenda masiku awiri kapena atatu, bwereza, chifukwa kotapini watsopano amakhazikika.

Gwede gwede ukumumvayo usamulekerere. Kotapini wogwedera amadyeka, ndipo akatha iye amayamba kukuza bowo la mkono. Pogula wina tenga wakaleyo ukayerekeze, chifukwa alipo a mamilimita 9 ndi a 9.5, ndipo ndi maso okha sungawasiyanitse. Ugule awiri ofanana, usinthe onse.

WOULUTSA: Tipite ku Zomba. Mayi wina akuti: "Mchimwene wanga wa ku Johannesburg anatumizira mwana wanga wamkazi njinga yamagiya kuti azipitira kusukulu. Inabwera m'katoni, ndipo tinamanga ndi aneba. Koma mwana akati akhote, phazi likugunda tayala lakutsogolo, ndipo njinga ikungoyenda mwamanjenje. Wagwa kale kawiri. Kapena njingayi ndi yaing'ono?"

MMISIRI: Mayi, mwanayo asakwerenso mpaka mutachita zimene ndinene. Ndikukhulupirira kuti foloko yayang'ana kumbuyo. Kufakitale amaitembenuza dala kuti njinga ifupike, ikwane m'katoni. Omanga kunyumba amangoitulutsa, n'kuika mahandulo mmene ayipezera. Imani pambali pa njinga muyang'ane kumapeto kwa foloko, pamene pamalowa gudumu. Pamenepo payenera kutsogola, kuthawa fulemu. Ngati mabuleki ndi aja ofinya limu, akhale kutsogolo kwa foloko. Ngati ndi a mbale, mbaleyo ikhale kumanzere. Foloko ikatembenuka, gudumu limayandikira mapazi, n'chifukwa chake phazi likugunda, ndipo njinga imataya khalidwe lake lofuna kuyenda mowongoka yokha.

Kukonza kwake n'kosavuta. Masulani mabawuti ogwira khosi la mahandulo, tembenuzani foloko, muonetsetse kuti mawaya a mabuleki ndi a magiya sanazengerezane pakhosipo. Njinga zamakonozi zimafuna timakiyi tamakona asanu ndi limodzi, ta 4, 5 ndi 6, ndipo nthawi zambiri timabwera m'katoni momwemo. Ngati khosi lake ndi lija lokhala ndi bawuti mmodzi pamwamba ndi awiri m'mbali, yambani wapamwambayo, mongokwanira kuti foloko isagwedere koma izikhotabe mofewa, kenako mulimbitse am'mbaliwo. Mukatha, panani gudumu lakutsogolo ndi mawondo n'kuyesa kupotoza mahandulo. Akasuntha gudumu lili chiimire, sanamangike.

WOULUTSA: Palinso china choti aone, poti ndi njinga ya mwana?

MMISIRI: Ziwiri. Choyamba, pa chitsulo chonyamula chishalo pali mzere wolembedwa. Mzere umenewo uzikhala wobisika m'fulemu nthawi zonse. Mukakweza chishalo kupitirira pamenepo, chitsulo chikhoza kuthyoka kapena kung'amba fulemu. Chachiwiri, mwanayo adziwe dzanja limene likugwira buleki yakutsogolo. Njinga zopangira msika wa ku Britain zimaika buleki yakutsogolo kudzanja lamanja, pamene za ku America zimaika kumanzere. Za m'makatoni ndi za kaunjika zimabwera zamitundu yonse iwiri. Munthu wozolowera kwina akafinya mwadzidzidzi pa mtsetse, amadutsa pamwamba pa mahandulo. Ndipo Zomba ndi wa mitsetse.

WOULUTSA: Aphunzitsi ena a ku Nkhotakota alemba mokwiya. Akuti: "Ndaononga machubu atatu njinga isanatuluke pageti. Woyamba anaphwa ndisanamalize kupopa. Wachiwiri anaphulika ngati mfuti mpaka agalu anathawa. Wachitatu anagona bwino koma m'mawa ndinapeza waphwa. Machubu a masiku ano ndi achinyengo."

MMISIRI: Aphunzitsi, machubu osalimba alipodi, sindikana. Koma atatu motsatizana, ndiye tiyeni tichonge ntchito yanu kaye. Chubu chilichonse chophulika chimasiya umboni. Tengani machubu atatuwo, muwapope pang'ono, muviike m'beseni la madzi.

Choyambacho ndikuganiza kuti mupeza timabowo tiwiri toyandikana ngati polumidwa ndi njoka. Amenewo ndi mano a sikuludiraiva kapena supuni imene munakanulira tayala. Inapana chubu pa limu. Chachiwiricho mupeza chong'ambika kwautali. Pamenepo chubu chinatsala kunja, chopanidwa ndi mlomo wa tayala, ndipo mpweya utachuluka chinatupira panja n'kuphulika. Chachitatu, yang'anani ngati bowo lili mbali ya m'kati, yoyang'ana ku limu. Ngati ndi choncho, wolakwa ndi sipoko. M'kati mwa limu mumayenera kukhala lamba wophimba mitu ya masipoko. M'makatoni ena lambayo amabwera payekha, anthu n'kumuyesa chomangira katundu. Ngati munataya, dulani chubu chakale mupange wina. Sipoko yotulukira kwambiri muipale ndi tupa. Mukapanda kupeza bowo paliponse, onani vavu. Njinga zathu zambiri zakumudzi zili ndi vavu yamtundu wa Dunlop, dzina la John Boyd Dunlop amene anapanga tayala lopopa ku Belfast mu 1888. M'kati mwa mavavu ambiri otere muli kampira kakang'ono kovala pa kachitsulo. Kakang'ambika, mpweya umatuluka usiku wonse mwakachetechete.

WOULUTSA: Nanga tayala lolimba lija munthu angalilowetse bwanji popanda chitsulo?

MMISIRI: Ndi zala zazikulu ziwirizi basi. Lowetsani mlomo umodzi wa tayala. Popani chubu pang'ono pokha kuti chikhale ndi thupi, chisapindike. Chilowetseni, vavu iime chilili. Kenako lowetsani mlomo wachiwiri mozungulira. Pakatsala kachigawo kolimba kaja, musathamangire chitsulo. Bwererani mukafinye tayala mozungulira kuti milomo yake igwere pakati pa limu, pamene pali pozama. Mukatero kotsalako kamapeza mpata. Musanapope, kankhirani vavu m'kati pang'ono n'kuibweza, ndipo suzumirani mbali zonse ziwiri kuti chubu sichikuonekera. Popani theka, zungulitsani gudumu muone ngati tayala lakhala mofanana, kenako malizani.

Chenjezo lina ndi la saizi. Matayala awiri akhoza kulembedwa 28 onse koma osalowa pa limu limodzi. Werengani manambala ang'onoang'ono a m'mbali. La njinga zathu zonyamula katundu limathera ndi 635, pamene la njinga zambiri zochokera ku Ulaya limathera ndi 622. Kusiyana kwake ndi mamilimita 13, ndipo palibe mphamvu imene ingagwirizanitse zimenezo.

WOULUTSA: Iyi yandiseketsa ndisanawerenge. Yachokera kwa agogo ena a ku Ntcheu, yolembedwa ndi mdzukulu wawo. Akuti: "Ndinamasula habu yakumbuyo kuti ndione ngati muli girizi. Timipira tonse tinagwera m'fumbi, ndipo tina nkhuku zinatola. Ndinapeza 15 tokha. Ndinaika 8 kwina, 7 kwina. Tsopano gudumu likulira ngati mphero. Kodi timipirati timayenera kukhala tingati?"

MMISIRI: Agogo, nkhukuzo zikhululukireni, zinayesa mapira. Ndipo maganizo anu oyang'ana girizi anali abwino kwambiri, chifukwa njinga zambiri za m'katoni zimabwera ndi girizi wongonunkhiza. Cholakwika chinali malo. Njinga simangidwira pa dothi. Yalani chitenje chakale kapena thumba, ndipo tizitsulo tonse tizigwera m'mbale. Mchenga ukalowa mu habu umasakanikirana ndi girizi n'kukhala ngati sandipepa.

Pa njinga zambiri, habu yakumbuyo imalandira timipira 9 mbali iliyonse, tokula kota ya inchi, ndiye nkhuku zanu zili ndi ngongole ya titatu. Pakati, pa ekiselo ya mapedulo, timakhala 11 mbali iliyonse, tamsinkhu womwewo. Habu yakutsogolo kawirikawiri imalandira 10 mbali iliyonse, tocheperako. Lamulo lake ndi lakuti mbale idzaze koma patsale kampata kakang'ono, timipira tisakwerane. Musaphatikize takale ndi tatsopano, kapena tamisinkhu yosiyana. N'totchipa, gulani tonse tatsopano. Tsukani mbale ndi palafini, pukutani, pakani girizi wochuluka, ndipo mumate timipira m'girizimo kamodzikamodzi. Girizi yemweyo ndiye amatigwira kuti tisagwe.

WOULUTSA: Ndiye akamanga alimbitse kwambiri kuti tisadzagwenso?

MMISIRI: Ayi, pamenepo ndiye pofunika khutu ndi chala. Koni, kachitsulo kosongoka kamene kamakankha timipira, mukakamanga kwambiri gudumu limalemera ndipo limadzidya. Mukakalekerera, gudumu limagwedera. Mangani ndi zala mpaka kakhudze, bwezani pang'ono, ndiye mukagwire ndi sipanala yopyapyala pamene mukulimbitsa nati yakunja. Poyesa, nyamulani njinga, gwedezani limu cham'mbali, lisamveke kugogoda. Kwa gudumu lakutsogolo, lisiyeni lokha vavu ili cham'mbali. Habu yabwino imalola kulemera kwa vavu kutembenuza gudumu pang'onopang'ono.

WOULUTSA: Kalata iyi ndi yomvetsa chisoni pang'ono. Bambo wina wa ku Dedza akuti: "Tsiku loyamba ndinakweza matumba awiri a mbatatesi. Potsetsereka ndinagwira buleki, ndinangomva kuti phwa, kampira ka buleki kathawa, ndipo ndinakathera m'ngalande. Ndinasupuka bondo, ndipo gudumu lakumbuyo lapindika ngati 8."

MMISIRI: Tithokoze kuti mwalemba nokha kalatayi, bambo. Mabuleki a ndodo, aja a njinga zathu zakuda, mpira wake umalowa m'kachikho kachitsulo kamene kamakhala kotseka mbali imodzi, kotsegula mbali ina. Mbali yotsekayo iyenera kuyang'ana kumene limu likulowera njinga ikamapita kutsogolo, kuti limu likamakoka mpira, uzikatsamira pa khoma. Mukatembenuza, limu limausolola ngati chimanga pa chitsononkho, ndipo zimachitika nthawi imene mwafinya ndi mphamvu zonse, nthawi imene mukuufunitsitsa. Mipira ikhale pafupi ndi limu, mpata wa mamilimita awiri kapena atatu, ndipo iwiri yonse izifika pamodzi. Timanati ta pa ndodo mutilimbitse, apo ayi ndodo imangotsetsereka dzanja n'kufika pa handulo. Kumbukiraninso kuti limu lachitsulo likanyowa ndi mvula, buleki imachedwa kugwira.

Za gudumu, ndinene mosabisa. Agogo athu amene ankabwera ndi Humber kapena Raleigh kuchokera ku Joni ndi ku Halale ankadziwa kuti njinga yatsopano imayamba yaphunzira msewu isanasenze katundu. Masiku ano njinga zambiri zimachokera ku India, makamaka mumzinda wa Ludhiana, ndi ku China, ndipo zimayenda ulendo wautali zili zopanikizana m'makatoni. Masipoko ake amafika ena olimba, ena olobodoka. Muwakhwatche ndi chala ngati zingwe za bangwe. Olimba mofanana amalira mofanana. Wolobodoka amangoti phwe. Mukakweza matumba awiri pa gudumu lotero, masipoko ochepa okha ndiwo amasenza zonse, ndipo limu limagonja pa bampu loyamba.

WOULUTSA: Angathe kuwongola okha?

MMISIRI: Ngati limu likungoyendayenda pang'ono, munthu wodekha angathe, pomanga sipoko ya mbali imene akufuna kuti limu lipite, kota ya kuzungulira kamodzi basi, n'kuyang'ananso. Koma pa ntchito zonse za njinga, iyi ndi imene ndimati perekani kwa mmisiri. Ndaona anthu akuyamba ndi gudumu lokhota pang'ono n'kumaliza ndi dzira. La bambo a ku Dedza, lopindika ngati 8, likaonedwe. Mwina lifuna limu lina.

WOULUTSA: Nthawi ikutithera, tiyeni tithamange ndi mauthenga a pafoni. Wina wa ku Mangochi akuti tcheni chikumangoduka polumikizira.

MMISIRI: Kakilipi kotsekera kaja kali ndi mutu wotseka ndi mchira wotsegula. Kaziyenda ngati usipa, mutu patsogolo, kulowera kumene tcheni chikupita. Mukakatembenuza, mchira umakola zinthu n'kuthothoka.

WOULUTSA: Wa ku Kasungu akuti tcheni chikugwa pafupipafupi.

MMISIRI: Pa njinga yopanda magiya, kokerani gudumu kumbuyo ndi timabawuti tiwiri ta kumapeto kwa fulemu, mofanana mbali zonse, mpaka tcheni chizisewera pafupifupi sentimita imodzi mukachikankha pakati. Tayala likhale pakatikati pa fulemu musanalimbitse manati a ekiselo.

WOULUTSA: Wa ku Chipata, kwa anansi athu ku Zambia, akufunsa ngati mafuta ophikira angalowe m'malo mwa oyilo.

MMISIRI: Mafutawo asiyireni mandasi. Pa tcheni amauma n'kukhala ngati ulimbo. Oyilo wa makina kapena wa injini watsopano, timadontho pang'ono, n'kupukuta wotsala.

WOULUTSA: Wa ku Mzuzu akuti magiya akulumpha, ndipo tcheni chinalowa m'masipoko.

MMISIRI: Imani kumbuyo kwa njinga muone ngati chosinthira magiya chalendewera mowongoka, chimakonda kupindikira m'kati katoni ikaponderezedwa. Ngati chili chowongoka, pali timasikulu tiwiri, H ndi L. Ka L ndi kamene kamaletsa tcheni kupitirira kulowa m'masipoko. Musayende nayo musanakonze, chifukwa chikakola masipoko chimaononga gudumu lonse.

WOULUTSA: Yomaliza ndaisunga dala. Mayi wina wa ku Lilongwe akuti: "Amuna anga anamanga njinga Loweruka lathunthu, ndipo anakana kuti aliyense awathandize. Atamaliza, m'mbale munatsala mawashala anayi, nati imodzi ndi kasipuling'i. Iwo akuti zimenezo ndi zapadera, afakitale anangoonjezera. Mawa akufuna andikweze kupita kusikelo ndi mwana. Ndikwere?"

MMISIRI: Mayi, mawa pitani pa minibasi.

WOULUTSA: Abambo, mutiphera banja!

MMISIRI: Ndikulisunga, achemwali. Zoona, nthawi zina m'katoni mumatsala kanthu, monga kabawuti ka belu kapena ka madigadi. Koma mawashala anayi ndi ochuluka, ndipo manati a magudumu awiri alinso anayi. Pa njinga zambiri, washala wa gudumu lakutsogolo amakhala ndi kambedza kolowa m'kabowo ka foloko, kuti nati ikamasuka gudumu lisachoke. Kasipuling'i nako kawirikawiri kamakhala ka buleki kapena ka sitandi. Zimenezo si zapadera.

Kwa abambowo ndilankhule ngati mnzawo. Mwachita bwino kumanga nokha. Munthu amene wagwira nati iliyonse ya njinga yake sasowa chochita ikamuvuta kutchire. Koma ine ndakalambira pa ntchitoyi, ndipo mpaka lero ndikamanga njinga ndimaitana mnyamata wanga kuti aipapase ndisanapereke kwa mwini wake, chifukwa diso limene lamanga limaona zimene likufuna kuona. Mbewa yamanyazi inafera kuuna. Ikankheni njingayo mpaka kumsika, mbale ya zotsalazo ili m'thumba. Mmisiri aliyense akazitola adziwa kwawo kwa chilichonse, ndipo ndalama yake siifika ngakhale pa mtengo wa tayala limodzi.

Kenako muiyese nokha, opanda munthu pa kaliyala. Inyamuleni pang'ono n'kuigwetsa pa matayala, mumve ngati pali cholira. Finyani buleki yakutsogolo n'kuikankha. Gudumu lakumbuyo linyamuke. Finyani yakumbuyo, tayala likwekwereze. Yendani nayo sabata imodzi yopanda katundu, ndiyeno mubwererenso pa nati iliyonse, kotapini ndi masipoko. Mukatero, mayi ndi mwana akwere.

WOULUTSA: Ndiye mbale ija ikabwerako yopanda kanthu.

MMISIRI: Ikabwerako yopanda kanthu, mayi aitsuke, aikemo ndiwo. Ndipo bambo a ku Mchinji, paipi ija mukabweze kumene munaibwereka.

WOULUTSA: Omvera, makalata amene sitinawerenge sitinataye, tidzayamba nawo sabata yamawa nthawi ngati yomweyi. Pitirizani kutilembera. Amene muli ndi katoni pakhomo simunatsegule, yambani mwayala chitenje. Tsalani bwino.